Chitsekero cha Salufeti m'Dziwe la Wezi

Abale anga, zikomo pondipatsa mpata woti ndiyankhule. Ndaona ena mwakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khomo, kuti nkhani ikafika pothina mutuluke ngati mukukataya madzi. Musachite manyazi, inenso ndinayambira pa benchi yomweyo. Dzina langa ndine Lakisoni Mbewe, kwathu ndi ku Dowa, koma kuno ku Karonga ndakhalitsako mpaka Chichewa changa chinapindika. Ntchito yanga inali ya ulangizi wa zaulimi. Chimene ndagwira m'manjachi ndi chitsekero cha botolo. Si chenichenicho ayi, chija ndinataya kalekale, koma n'chofanana nacho. Pa zoipa zonse zimene mowa unandichititsa, choipitsitsa ndinachita ndi kanthu kakang'ono chonchi.

Boma linanditumiza ku Iponga ndili mnyamata, zaka zija za chipani chimodzi, pamene munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi m'thumba. Ndinafika ndi sutikesi ndi njinga ya boma, osadziwa ngakhale kuyankha moni wa Chinkhonde. Ndinakwatira NyaKaonga wa ku Mwenilondo, ndipo Mulungu anatipatsa mwana wamkazi, Wezi. Atayamba kale kuthamanga pabwalo anadwala poliyo, miyendo yonse iwiri n'kufota. Koma mutu unali wakuthwa, ndipo pakamwa ndiye osanena. Itakwana nthawi ya sukulu ndinakhoma kampando kathabwa pa kaliyala ya njinga. M'mawa ndinkamusiya pakhomo la kalasi, masana n'kudzamutenga, iye ali kumbuyoko kundiuza zonse zimene aphunzitsi analakwitsa tsiku limenelo. Zaka zimenezo ndinali bambo wabwino, ndipo izi ndikunena kuti wina asaganize kuti mowa umasankha anthu oipa okha.

Nthawi imeneyo kusikimu ya mpunga kunali Atchaina otiphunzitsa ulimi wothirira. Mmodzi wa iwo, amene tinkamutchula kuti a Lini, anali ndi thanki ya galasi m'nyumba mwawo, kutalika kwake ngati mkono wangawu. Ankawetamo tinsomba ta m'ngalande, osati todya, tongoonera. Ife tinkawaseka kumbali kuti munthu wanji woweta ndiwo osadya. Pobwerera kwawo anandiitana n'kundipatsa thankiyo, chifukwa ankamuona Wezi pa njinga. Pansi pake panali mchenga, ndipo mumchengamo munamera udzu wa m'madzi wa masamba aatali opyapyala. Anandifotokozera, Wezi akumva, kuti popeza kwathu kulibe magetsi, udzu umenewo ndiwo umapatsa nsomba mpweya ndi kuyeretsa madzi. Anati tiike thanki pafupi ndi windo koma osati padzuwa lenileni, tizichotsa madzi pang'ono n'kuthiramo ena abwino, ndipo tisamathiremo kanthu kena kalikonse.

Wezi sanaitchulepo kuti thanki. Ankati dziwe langa. Ana ena akamapita kumtsinje, iye ankakwawira pampando wake pawindo, ndipo anzakewo anayamba kubwera okha kudzapempha kuti aone nawo. Mwana amene ankasiyidwa pakhonde anasanduka mwini malo, wouza anzake kuti inu khalani apo, osagogoda galasi. Nsomba iliyonse anaipatsa dzina. Ina inkangoyenda uku ndi uku osapuma, anaitcha Kondakitala. Ina yamanyazi, yobisala mu udzu, inali Mkwatibwi. Inalipo yonenepa imene inkathamangitsa zinzake pa chakudya, ndipo tsiku lina tinamumva akuti, "Tcheyamani, siyirako anzako." Mayi ake anatsala pang'ono kugwetsa mbale. Tinatseka chitseko n'kumuuza kuti dzina limenelo litipititsa kumene anthu sabwerako. Nsombayo inasinthidwa dzina n'kukhala Amalume, koma tikakhala tokha Wezi ankanditsinzinira diso.

Mowa wanga sunayambe ndi mavuto, unayamba ndi ulemu. Inu a kuno mukudziwa, mlangizi akafika pakhomo simulola kuti achoke kukhosi kuli gwa. Amakuyalira mphasa pansi pa nthochi, n'kubwera ndi chipumu, mowa wa kuno uja. Ukakana, amati Mchewa uyu akunyansidwa nafe. Pakhomo loyamba ndinkangolawa, pachiwiri ndinkamwa, pofika kumapeto kwa mudzi ndinkalangiza za mpunga nditaima m'munda wa chinangwa. Chipumu chitayamba kundichepera ndinapeza kachasu, ndiponso mowa wa m'mabotolo umene anthu ankaolotsa mobisa pa Songwe. Chimene ndinkaopa sichinali banja langa kapena chiwindi changa. Ndinkaopa pakamwa panga, poti masiku amenewo mawu amodzi otayika pamowa ankasowetsa munthu. Choncho ndinaphunzira kuledzera mwakachetechete, ndipo ndinkadziona ngati munthu wodzisunga kwambiri.

Tsiku lina ndinamuiwala Wezi kusukulu, aphunzitsi ake n'kumubereka mpaka kunyumba. Tsiku lina tinagwera limodzi m'ngalande, iye n'kung'ambika pachipumi. NyaKaonga anati mwana sakweranso njinga imeneyo mpaka nditasintha. Iye sakanatha kumubereka tsiku ndi tsiku, sukulu inali kutali ndipo mwana anali atalemera. Ndinalumbira kuti ndi za sabata imodzi yokha. Sabata imeneyo sinathe. Wezi anatsala panyumba, ndipo chimene chinamutsalira chinali dziwe lake lija.

Ndiye udzu unayamba kuchita chikasu. Mchenga unali utatha mphamvu, ndipo madzi ndinali nditasiya kusintha. Masamba ankayamba kuyera kunsonga, kenaka n'kufewa, n'kugwa. M'mawa uliwonse Wezi ankati, "Adada, udzu ukudwala." Ine ndinkati mawa.

Loweruka lina masana ndinafika kunyumba ndikuyenda mowerenga mapazi. NyaKaonga anali atapita kuchigayo. Wezi anali pawindo.

"Adada, Mkwatibwi alibenso pobisala. Udzu wake wagwa wonse."

Ndinawerama n'kuyang'ana. Masamba achikasu. Mlangizi aliyense, ngakhale womudzutsa kutulo, akuuzani kuti imeneyo ndi njala ya feteleza. Pamenepo mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe, poti ndinapeza chinthu chimene ndikanatha kumuchitira mwana wanga. Apa mumve bwino, abale. Sindinachite mwankhanza. Ndinachita mwachikondi, koma chikondi cha munthu woledzera, chimene chimafuna kukonza zonse nthawi imodzi kuti anthu amuombere m'manja.

Masiku amenewo tinkaphunzitsa alimi kuti pa phando lililonse la chimanga azithira chitsekero chimodzi cha feteleza wa salufeti. Ndinali nditazinena kambirimbiri mpaka zinalowa m'magazi. Kuseri kwa chitseko kunali chitini cha salufeti wotsala kumunda wachitsanzo. Ndinapisa m'thumba n'kupezamo chitsekero cha botolo limene ndinali nditangomwa kumene. Ndinawerenga zitsa za udzu m'thankimo ngati mapando a chimanga.

"A Lini anati tisamathiremo kanthu," anatero Wezi.

"A Lini ali kwawo. Mlangizi muno ndani?"

"Ndinu, adada."

"Ndiye gwira chitini."

Anagwira. Ndinatapa, n'kuthira, n'kutapanso, chitsa ndi chitsa, ndikumufotokozera monga ndinkachitira pamaso pa alimi. Feteleza ankatsika ngati shuga m'kapu ya tiyi, ndipo tinsomba tinkathamangira poyesa chakudya. Nditafika pa chitsa chomaliza ndinadzaza chitsekero n'kumuika m'dzanja lamanja.

"Ili ndi phando lako. Thira wekha, kuti udzu ukabiriwira udzanene kuti ndinathandiza nawo."

Anandiyang'ana. Kenaka anathira, poti ndinali bambo ake. Ndinamusisita kumutu n'kupita kukadziponya pabedi.

Ndinadzuka dzuwa litapendeka, NyaKaonga ataima pambali pa bedi, ufa wa kuchigayo ukadali m'tsitsi. Sanakalipe. Anangoti ndituluke ndikaone. Pansi ponse panali madzi. Ndinamva kuti nsomba zitayamba kubwera pamwamba n'kumayasama, Wezi anakwawa mpaka kukhitchini, n'kutenga kapu, n'kumatapa madzi m'thanki kutaya pansi. Anayesa kukoka ndowa ya madzi abwino koma inamugwera panjira. Mawondo onse anali osupuka. Nsomba anali atazindandalika pa tsamba la nthochi, Amalume, Kondakitala, Mkwatibwi ndi zina zonse, ndipo iye anakhala pambali osalira.

"Anakuitanani mpaka mawu anamuthera," anatero NyaKaonga. "Munali m'chipinda chomwechi, adada ake a Wezi, chitseko chili chotsekula."

Mukudziwa chimene ndinayankha? Ndinati, "Ndi matemba chabe awa. Mawa ndikagwira ena kungalande." Mawu amenewo ndikanatha kuwameza, ndikanawameza ngakhale atakhala makala a moto. Sabata isanathe NyaKaonga anamanga katundu, n'kumubereka Wezi, ulendo wa kwawo ku Mwenilondo.

Mukuganiza kuti ndinasiya pamenepo? Ndinaonjeza. Tsopano ndinali ndi chifukwa, ndinkauza anzanga apamowa kuti mkazi wandithawa chifukwa cha matemba, iwo n'kumaseka mpaka misozi. Madzi m'thanki anabiriwira ngati msuzi wa nkhwani n'kuyamba kununkha, ine ndinangovundikira ndi chiguduli. Kenaka kunabwera tsiku lachionetsero kumunda wachitsanzo, akuluakulu a chipani a m'boma muno atakhala pamipando, amayi atavina kale. Ndinaimirira kuti ndifotokoze za mbewu, miyendo n'kukana, ndinagwera m'mizere ya chimanga. Mwayi wanga unali woti sindinatsekule pakamwa. Anandiimitsa ntchito. Potenga njinga ya boma anamasula kampando ka Wezi n'kundipatsa m'manja, ndipo ndinapita nako kumowa nditakakwapatira m'khwapa.

Ku Mwenilondo ndinapita patatha miyezi, ndipo sindikunamizani kuti ndinapita ndi mtima wolapa. Ndinapita chifukwa zovala zinada ndipo njala inandikwana. Ndinkayembekeza mlandu wa alamu anga, mayankho ndinali nditakonza kale panjira. Ndinapeza amayi a pakhomopo ali pakhonde akupeta mpunga. Mkazi wa mlamu wanga anali ndi khanda la masabata ochepa. Wezi anakhala payekha motsamira khoma, dzanja lamanja atalilowetsa m'kati mwa chitenje. Anandipatsa moni wa mlendo, wopanda adada.

Ndili chikhalire pampando, mayi wa khanda uja anafuna kukaphula mphika, ndiye anamutambasulira Wezi mwanayo kuti amugwirireko. Wezi anadzikokera kukhoma. "Yayi," anatero, maso ali pansi. Mayiyo anaoneka kuti waiwala chabe, anapepesa n'kupatsa wina. NyaKaonga anadzuka n'kundikodola kuti tipite kuseri kwa khola.

"Mwaona?" anatero. "Khanda sanyamula, anapiye sadyetsa, kamwana ka mbuzi kakamuyandikira amabisa dzanja. Akuti dzanja lake limapha. Inu mukuganiza kuti wakukwiyirani. Yayi, sanakukwiyireni. Akuti inu munathira zambiri nsomba zili bwinobwino, koma atathira iye m'pamene zinayamba kufa."

Abale anga, ndaimapo pa maliro a mayi anga, koma sindinamvepo chimene ndinamva kuseri kwa khola limenelo. Miyezi yonseyo ine ndinkayenda ndi nkhani ya matemba n'kumaseketsa nayo zidakwa, pamene mwana wanga, amene anali atalandidwa kale miyendo, anali atadzilanda yekha dzanja chifukwa cha ine. Ndinkaganiza kuti choipa changa ndinanyamula ndekha. Sindinanyamule, ndinamusenzetsa mwana n'kupita kukagona.

Ndinabwerera pakhonde. Mpando ndinausiya, ndinakhala pansi pafupi naye, amayi aja n'kuchokapo mmodzimmodzi.

"Wezi, nsomba zija ndinapha ndine."

Iye anati, "Chomaliza ndinathira ndine."

"Choyamba chija, changa, chinali chokwanira kale kupha zonse. Feteleza sapha nthawi yomweyo. Ukanakana kuthira, zikanafabe."

Pamenepo sindinkadziwa ngati zimene ndikunenazo n'zoona. Ndinadzamva pambuyo pake kuti zinali zoona.

"Nanga munandiuziranji kuti ndithire?"

"Ndinali nditaledzera, mwana wanga."

"Fungo ndinalimva," anatero. "Koma ndinkati pa za feteleza simungalakwe."

Dzanja sanalitulutse m'chitenje. Ine ndinalira, iye sanalire. NyaKaonga pondiperekeza anati asamve kwa ine kuti ndasiya, adzamva kwa anthu a ku Iponga, ndipo akadzamva adzabwera yekha.

Tsopano ndinene mmene ndinabwererera, poti ena mwabwerera zimenezo. Nditafika ku Iponga ndinapita kwa mkulu wa mpingo, a Mwambelo, n'kuwauza zonse osachotsapo. Anandipempherera, koma anatinso pemphero lokha silitseka njira ya kwa mayi wa kachasu, njirayo ndiisiye ndi mapazi anga. Ndinayamba kuzungulira kutali podutsa kumsika. Masiku oyamba thupi linkanjenjemera, thukuta lili kamukamu, mpaka anandiperekeza kuchipatala, ndipo ndikukulangizani kuti zikafika pamenepo musalimbane nazo nokha m'nyumba.

Chovuta kwambiri chinali ulemu uja. Ndinayenda pakhomo lililonse pamene ndinkalandira chipumu, n'kunena pamaso pa eni ake ndi akazi awo kuti, "Ine ndikudwala mowa. Mukandipatsa, mukundipha." Ena anaseka, ena anachita manyazi m'malo mwanga. Koma mayi wina wachikulire analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chambiko, mkaka wowawasa uja, nati mlendo sachoka chimanjamanja. Nkhani inafala, ndipo kuyambira pamenepo pakhomo lililonse ankandilandira ndi chambiko. Ndinazindikira kuti anthuwo sankafuna kuti ndiledzere, ankangofuna kuti ndilandire. Ndinagwapo kamodzi, pa ukwati wa mnzanga, ndipo m'mawa mwake ndinakadzinenera ndekha kwa a Mwambelo asanamve kwa wina. Amene mwagwanso sabata ino, musadikire kuti mukhale oyera kaye, pitani mukanene mukadali ndi fungo.

Manja opanda chochita ankandikokera kubotolo, ndiye ndinavundukula chiguduli chija. Ndinataya madzi onunkha, n'kutsuka galasi, n'kutaya mchenga wonse. Kenaka ndinachita chimene ndikanachita poyamba, ndinakafunsa. Mnzanga wina, a Msukwa, anali mlangizi wa za nsomba. Atamva kuchuluka kwa salufeti amene ndinathira anagwira pakamwa. Anati m'munda feteleza ali ndi kopita, dothi limamwa, mvula imatsuka, koma m'thanki alibe kothawira, amasungunuka m'madzi n'kuotcha mopumira nsomba. Anati chitsekero chimodzi chinali chokwanira. Ndinawapempha kuti abwerezenso mawu amenewo, chifukwa ndinkafuna kukamuuza Wezi ndili wotsimikiza.

Komabe udzu uja unalidi ndi njala, pamenepo sindinalakwe. Funso linali lakuti udye chiyani, ndipo udyere kuti. Chinandichititsa manyazi n'chakuti kuntchito sindinkauza mlimi chinthu chatsopano ndisanachiyese pa kamunda kakang'ono, koma dziwe la mwana wanga ndinaliyesera lonse tsiku limodzi. Ndiye ndinabwereka mabeseni, n'kukazula udzu womwewo kungalande, n'kubzala mopanda nsomba. M'beseni lina ndinathira salufeti wongotsina ndi zala. Madzi anabiriwira ndi ndere, nderezo zinakuta masamba, udzu n'kufa uli m'kati mwa chakudya. M'beseni lina ndinaika ndowe yaiwisi ya ng'ombe, ndipo anansi anabwera kudzafunsa ngati m'nyumba mwafa khoswe. Lomaliza ndinayala matope akuda a pansi pa ngalande, pamwamba pake n'kuphimba ndi mchenga wotsuka bwino, wokhuthala ndithu kuti matopewo asavunduke.

Beseni limenelo linandiyesa mtima. Sabata zinkapita popanda chooneka, ndipo kangapo dzanja linkafuna kupita kuchitini kuseri kwa chitseko kuti ndifulumizitse zinthu. Ndinaona kuti ludzu limenelo ndi lomwe lija la botolo, kufuna kuti zikome lero lomwe. Chitinicho ndinakapereka kwa mlimi wa chimanga. Kenaka m'mawa wina ndinapeza katsamba kobiriwira, ndipo patapita nthawi udzu unayamba kuyala mphukira pansi pa mchenga n'kumera pena. Madzi anali mbee. Apo m'pamene ndinamvetsa kuti udzu umenewu umadyera kumizu, choncho chakudya chizikhala pansi pokwiririka, madzi azikhala opanda kanthu. A Msukwa anandionjezera nzeru ya pamene matope atha mphamvu. Umatenga dongo, n'kutsinira m'kati mwake manyowa akalekale a m'khola, amene asanduka dothi ndipo sanunkhanso, n'kuumba timipira ngati nzama, n'kuyanika padzuwa. Tikauma umakankhira kamodzi pansi pa mizu. Zotsala nsomba zimathira zokha ndi zitosi zake.

Ntchito anandibwezera, njinganso. NyaKaonga anamva kwa anthu monga ananenera, ndipo atakolola mpunga chaka chotsatira anabwera ndi Wezi. Anapeza thanki yodzaza ndi udzu wobiriwira mpaka pamwamba, koma yopanda nsomba. Ndinati, "Nsomba sindinaikemo. Dziwe ndi lako, unena ndiwe." Ndinamuuzanso mawu a a Msukwa. Anamvetsera, koma mpando wake anati tiuike kukhomo, osati pawindo.

Ndinamuikira mbale ya dongo ndi manyowa pafupi, n'kumuuza kuti zala zanga zimanjenjemerabe, timipira tikumatuluka tatikulu. Sikunali kunama. Dongo linauma m'mbalemo, ndinanyowetsa lina, linaumanso. Tsiku lina pochokera kuntchito ndinapeza timipira tandandalikidwa pawindo, tofanana ngati toumba pachikombole. Ndinati tsopano atikankhire yekha pansi pa mizu.

"Yambani mwayesa m'beseni," anatero. "Muikemo nsomba imodzi. Ikakhala moyo mundiuze."

Ndinachita monga ananenera, mlangizi wa boma kulamulidwa ndi mwana, ndipo kansombako kanakhala moyo. M'pamene Wezi anapinda mkono wa diresi, n'kulowetsa dzanja lamanja m'madzi mpaka m'chigongono, n'kukankhira kampira pansi pa chitsa chimene chinali chitayamba kuyera. Masiku otsatira ankachiyang'ana chitsacho ngati wodwazika matenda. Chitatulutsa tsamba latsopano anati, "Adada, kagwireni nsomba." Aka kanali koyamba kunditchula adada chichokere ku Iponga. Mlongo wake atabadwa chaka chinacho, woyamba kumunyamula pambuyo pa mayi ake anali Wezi.

Ndikanakonda nkhani ikanathera pamenepo kuti muombe m'manja, koma ndikanakunamizani. Kampando ndinakakhomanso pa njinga. Wezi anakwera masiku ochepa, kenaka anakana. Anzake anali atapita patsogolo, iye anali wamkulu, ndipo anamukhazika pakati pa tiana tosadziwa kupukuta mamina. Ndinamuchonderera, mayi ake anamuchonderera, aphunzitsi anabwera kunyumba, koma sukulu inathera pomwepo. Anaphunzira kusoka ndi makina opukusa ndi dzanja, ndipo lero ali ku Songwe, amasokera amalonda odutsa pachipata. Amadzidyetsa yekha ndipo sadandaula. Koma ndikamuona akuthandiza amalonda masamu a pamtima, Chiswahili chili pakamwa ngati anabadwira kutsidya, ndimakumbukira anzake a m'kalasi amene lero ndi anamwino ndi aphunzitsi, ndipo palibe amene ankamuposa. Poliyo inamulanda miyendo, koma sukulu ndinamulanda ndine. Mulungu anandikhululukira, Wezi anandikhululukira, koma zaka zimenezo palibe anandibwezera. Choncho inu amene mukuti ndisiya mwezi wamawa, dziwani kuti kunyumba kuli wina amene akulipira mwezi umenewo, ndipo mwina simukudziwa n'komwe chimene wasenza.

Ndisanakhale pansi ndinene chimodzi chotsiriza. Thanki ija ilipobe, ili m'chipinda chake chosokera, pafupi ndi windo. Matope ndimakamutengera ndine, timipira amaumba yekha, ndipo mpaka lero sindiloledwa kuikamo kanthu iye asanaone chimene chili m'manja mwanga. Nsomba zakhalamo zambiri, zina kubadwira momwemo. Koma chibwerere kuchokera ku Mwenilondo sanapatsenso nsomba dzina, ngakhale imodzi. Ndinakhala zaka ndikuopa kufunsa. Ulendo wina ndili kumeneko ndinaona ina yonenepa ikuthamangitsa zinzake pa chakudya, ndiye ndinayesa nthabwala, poti masiku ano dzina lija silimangitsanso munthu.

"Uyu ndiye Tcheyamani weniweni. Bwanji sunamutche?"

Anamwetulira osasiya kupukusa makina. "Zimenezo n'za ana, adada. Ine ndinakula."

Sananene mokwiya, anangonena. Koma ine tsiku limene anakula ndikulidziwa. Linali Loweruka masana, akukwawa ndi kapu m'manja, ndipo bambo ake anali m'tulo m'chipinda, chitseko chili chotsekula.